Tiyi amene ankatalikira mayi Nampeya

Mayi Teleza Nampeya anayamba kuthyola tiyi asanakwatiwe. Makolo awo anachokera ku Mozambique, koma iwo anabadwira m'nyumba za kampani, pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, ndipo analibe kwina kokutcha kwawo. Amuna awo, omwe ankalondera pa fakitale, atamwalira, nyumba inatsala m'dzina la mayiwo. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: nyumba ndi ya wogwira ntchito. Wosiya dengu amasiyanso kiyi.

Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu yapafupi, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Sanali munthu wolankhula zambiri. Chimene ankadziwika nacho chinali dandaulo limodzi.

Tiyi amamudulira kuti pamwamba pake pazikhala pofanana ngati tebulo, lofika m'chiuno mwa wothyola. Zaka zaposachedwapa mayi Nampeya anayamba kunena kuti odulira a masiku ano ndi aulesi. Tebulo lomwe kale linkawafika m'chiuno tsopano linali kuwafika m'nthiti, ndipo pofika masana mapewa ankakhala akuyaka. Anakadandaula kwa kapitawo, a Benard, amene anawauza kuti ndodo yoyezera sinasinthe chiyambire.

"Ndiye kuti ndodoyo ikukula," anatero mayiwo.

Anzawo anaseka, wina n'kuwalangiza kuti azibwera ndi kampando kokwerapo. Msana wawo unali utayamba kupindika, koma palibe anadabwa. Kuno mayi aliyense amene wakalambira m'munda wa tiyi timati dengu ndilo lamuweramitsa.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, masamba ali ambiri, dzanja lawo lamanzere linathyoka pamfundo akutula ndowa pa mpopi. Sanagwe, anangotula ndowa. Kuchipatala sanapite, poopa kuti akaikidwa chikhakha ndipo ku ofesi aona kuti mphamvu zawathera. Anangomanga ndi chidutswa cha chitenje, n'kumathyola ndi dzanja limodzi, anzawo akuwaponyera masamba m'dengu popita ku sikelo. Fupalo linalumikizana mokhota.

Mwana wawo Esnat, yemwe anakwatiwa ku Goliati ndipo amakhala kwawo kwa mwamuna, anabwera kudzawatenga. Iwo anakana. Anati manda a amuna awo ali pa esiteti pomwepo, peyala amene anadzala pakhomo wangoyamba kubereka, ndipo mpongozi wotsatira mwana wake kuchitengwa amadya moyang'ana pansi.

M'mwezi wa June, m'mawa wina wa chiperoni, ankalumpha kangalande kakang'ono pakati pa mizere, dengu lisanadzaze n'komwe. Amene anali pafupi anamva kulira ngati kwa nkhuni youma. Mayiwo amanenabe mpaka lero kuti mwendo ndiwo unayamba kuthyoka, kugwa kunabwera pambuyo.

Ndinakawaona kuchipatala pa Sabata masana, ndipo ndinapeza dokotala akuwafotokozera chithunzi cha mafupa. Fupa la m'chiuno linali litaduka. Anawauza kuti mafupa awo afumbwa m'kati monga chimanga cholowa anankafumbwe, kunja kooneka bwinobwino. Zimenezi, anati, zimachitikira amayi ambiri akasiya kusamba, ndipo munthu samva kanthu mpaka fupa litathyoka. Dzanja lija linali chenjezo. Anawaonetsanso mafupa a msana amene anaphwanyika pang'onopang'ono n'kupanikizana.

"Mwafupika, mayi. Simunazindikire?"

Mayi Nampeya anayang'ana kudenga.

"Ndiye kuti anyamata odulira aja ndinkangowanamizira," anatero.

Atatuluka anayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka pa mphasa kufika pakhomo. A ku ofesi anadikira mpaka nyengo yozizira itatha, kenaka anatumiza a Benard kukanena zimene aliyense ankayembekezera. Iwo anafika n'kukhala pakhonde, akupotokola chipewa m'manja, osadziwa poyambira. Mayiwo sanawavutitse. Anawauza kuti Esnat abwera ndi galimoto Lamlungu.

Katundu sanadzaze galimotoyo. Popereka kiyi anapempha a Benard kuti akawapepesere kwa odulira tiyi, komanso kuti olowa m'nyumbamo asadule peyala. Mayiwo anawakweza kutsogolo kwa galimoto atawaikira pilo, woyendetsa atauzidwa kuti azipita pang'onopang'ono m'mabampu.

Mlungu usanathe m'nyumbamo munalowa banja lina. Ndinamva kuti ku Goliati mayi Nampeya anapatsidwa chipinda chosungiramo nandolo, ndipo sadandaula chilichonse.