Mbuzi Ziwiri za Tsiku Lopempherera Mvula

A Shehe Twaibu, lero patha chaka kuchokera pamene tinakuikani m'manda. Ndikukumbukira tsiku limene Akhristu ndi Asilamu a kuno ku Mangochi tinasonkhana koyamba pabwalo la sukulu kupempherera mvula. Dokotala wachiyuda wa pachipatala chathu analiponso. Ine, monga mlembi wa komiti, ndinakonza mipando, ndondomeko ndi mbuzi ziwiri. Koma mbuzizo anazizinga Mkhristu mnzanga, osati Msilamu, ndiye Asilamu sakanadya nyamayo.

Zitadziwika, anthu anu anayamba kupinda mikeka. Ndinadziwa kuti akachoka osadya, sadzabweranso. Inu simunanyamuke. Munati, "A Mlembi, mwalemba zonse kupatula mwini mpeni. Tumizani wakabaza kudoko akagule chambo. Chambo sichidikira shehe kuti achizinge." Dokotala uja anaseka, nati chambo nayenso amadya. Anthu anu anayalanso mikeka. M'buku la zokambirana ndinangolemba kuti, "Onse anadya." Dzina lanu sindinalitchule, ndipo kumeneko kunali kulakwitsa kwanga kwachiwiri. Lero ndalilemba m'mphepete mwa tsambalo, ndipo ndasainira.