Mayi Lufina ndi Mkangano wa Dziwe

Mayi Lufina anabadwira kuchigwa, kufupi ndi Sharpevale, kumene mwana amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lake. Kwawo amalima mpunga. Ali mtsikana, ankati akaweruka kopirikitsa mbalame kumunda, ankathamangira kumtsinje ndi anzawo n'kudziponya m'madzi mpaka maso kufiira. Anakwatiwa ndi a Silvester a ku Biriwiri, mlimi wa kachewere, munthu wa kumapiri amene chibadwire madzi anali asanawafikepo m'mawondo.

Kachewere anawayanja. Patapita zaka anasamukira pa boma pa Ntcheu, kumene anamanga nyumba yamalata, kumbuyo timanyumba ta lendi, kutsogolo kagolosale komwe Mayi Lufina ankagulitsa sopo, mchere ndi mandasi. Mwana wawo Ida anakula n'kukapeza ntchito ku Lilongwe. Anthu ankalidziwa banjali kuti kutchalitchi ndi limodzi, kumaliro limodzi, ndipo palibe anamvapo mawu awo akudutsa mpanda.

Chaka china khansala wa dera lawo, a Hilary, anabwera ndi ganizo lakuti pamalo opanda kanthu a kuseri kwa sukulu pamangidwe dziwe losambiramo la aliyense. Ndalama zake zichokere pa msonkho wa nyumba, umene eni nyumba ndi masitolo amapereka kukhonsolo, ndipo msonkhowo ukwereko pang'ono.

A Silvester anaimva nkhaniyi kokonzetsa njinga. Anafika pakhomo nkhope itakwinyika.

"Amake Ida, mwamva zoseketsa za a khansala? Akuti tizisonkha kuti anthu azikanyowa. Ngalande ya kumsika yatsekeka, mvula ikagwa matope amalowa m'masitolo, iwo maganizo ali pa kusewera m'madzi. Kuno kozizira kuno."

Mayi Lufina anapitiriza kutembenuza mandasi m'chiwaya.

"Ndamva, bambo a Ida. Ine ndagwirizana nazo."

A Silvester anawayang'ana ngati awona mlendo.

"Msonkho wake ndi wa nyumba ino, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Njerwa zake ndinasenza nawo."

Mayiwa sankayankhula za chibwana. Chilimwe chilichonse ankawona ana akusambira m'maenje owumbira njerwa, m'madzi obiriwira momwe mumamwa ng'ombe. Tsiku lina anavuulamo okha kamtsikana kamene kanaterereka, ndipo anabwerera kunyumba chitenje chili matope okhaokha. Komanso, kunena zowona, madzi ankawasowa. Chikwatiwire anali asanasambirepo.

Nkhani inawanda. Okhala m'nyumba za lendi ankawopa kuti eni nyumba akweza lendi. Anyamata a kabaza ankalifuna dziwelo mwamsangamsanga. Amayi a mvano ankafunsa kuti munthu wamkulu akavala chiyani kumeneko. Ogulitsa nyama kumsika anagawanika, mpaka wina anasiya kubwereketsa mnzake chikwanje. Pagolosale pa Mayi Lufina panasanduka bwalo, chifukwa munthu akabwera kudzagula mchere ankapeza mkazi akunena zake pazenera, mwamuna akunena zake pa benchi, onse akumwa tiyi wa m'ketulo imodzi.

Tsiku la msonkhano wokambirana za dziwelo holo inadzaza, ena anaima pamawindo. A Hilary atafotokoza ganizo lawo, a Silvester anali oyamba kukweza dzanja. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Ine sindikana chitukuko," anatero. "Koma munthu sagula tayi alibe malaya. Tikonze kaye ngalande. Komanso tiuzeni, msonkhowu ukakwera udzatsika liti? Ine zokwera ndaziwona zambiri, zotsika ndi njinga yokha pa Biriwiri."

Anthu anaseka ndi kuwomba m'manja. A Silvester asanakhale n'komwe, mkazi wawo anali ataimirira pambali pawo. Holo inachita phokoso, ena akukodolana.

"Amene ayankhulawa ndi amuna anga," anayamba Mayi Lufina, "ndipo za ngalande akunena zowona. Koma ana athu sakudikira kuti tigwirizane. Akusambira kale, m'maenje. Funso ndi lakuti azisambira momwe tikuwawona kapena momwe sitikuwawona. Za kuzizira, mwezi wa Okutobala ndimawawona bambowa akudzikupiza mphepo ndi chivundikiro cha ndowa."

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. A Silvester nawo anaseka, akupukusa mutu.

Kenaka anaimirira Mayi Zelesi, ogulitsa tomato, amene ankakhala m'kanyumba kamodzi ka lendi ka banja lomweli. Anati iwo nyumba alibe, koma akudziwa kuti msonkho wa mwini nyumba umathera pamutu pa wolipira lendi. Anatembenukira kwa a Silvester n'kuwafunsa pagulu ngati akweze. A Silvester anakanda m'mutu, nayang'ana mkazi wawo, kenaka anati sakweza. Eni nyumba ena anang'ung'udza, komabe angapo analonjeza chimodzimodzi.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Chimene anamanga n'chakuti msonkho ukwere kwa zaka zowerengeka zokha, ngalande iyambe, dziwe libwere pambuyo, ndipo likhale locheperako kusiyana ndi la pachithunzi cha a khansala. Posankha komiti yoyang'anira ntchitoyo, wina anafuula kuti alowemo Mayi Lufina chifukwa akulifuna dziwelo. Wina anati alowemonso a Silvester chifukwa sakulifuna, ndiye thumba lililonse la simenti azidzaliyang'anitsitsa. Onse awiri anadutsa popanda wotsutsa.

Ntchito inatenga nthawi yaitali kuposa mmene ankaganizira. Ngalande inatha, mvula inabwera, m'masitolo munakhala mouma. Kukumba dziwe kunaima kawiri. A Silvester ankalawirira kumeneko tsiku ndi tsiku, akudandaula njira yonse, ndipo anabweza mchenga wa lole yathunthu chifukwa unali ndi dothi. Omanga anawatcha kapitawo wosalembedwa. Madzulo ankafotokozera mkazi wawo mmene khoma lakwerera, kenaka n'kuwonjeza kuti maganizo awo sanasinthe.

Dziwe linatsegulidwa m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Panali ngoma ya Angoni, zishango ndi nthenga, ana a sukulu ataima mizere. A Hilary atadula kansalu, aliyense anadikira mnzake kuti ayambe kulowa m'madzi. Mayi Lufina anavula nsapato. Anali atavala malaya aatali ndi kabudula wofika m'mawondo amene Ida anawatumizira. Anamasula chitenje, nachipereka kwa amuna awo, n'kulowa.

Madzi anali ozizira, ndipo mikono inayamba yauma. Koma atangotambasula kawiri katatu, thupi linakumbuka lokha. Anawoloka mpaka tsidya, natembenuka chagada, akuyang'ana kumwamba, akumva nthungululu ngati zikuchokera kutali. Potuluka anapeza a Silvester atatambasula kale chitenje, akuuza aliyense woyandikana nawo kuti amenewo ndi akazi awo.

Kuyambira pamenepo Mayi Lufina amatseka golosale masana Lachiwiri ndi Loweruka. Loweruka amaphunzitsa ana, atawamangirira tizigubu topanda kanthu m'chiuno, wezulo ili pakamwa. Lachiwiri ndi la amayi okhaokha, ndipo mlonda amakakhala kunja kwa mpanda. Mayi Zelesi anatha milungu yambiri atagwira khoma, akunena kuti anabwera kudzangowonerera. Tsiku limene anayandama okha anaseka mpaka kumwa madzi, ndipo mawa lake kumsika aliyense wogula tomato anamva nkhani yonse asanalandire katundu wake.

Posachedwapa kunaitanidwa msonkhano wina, wokambirana zoika magetsi a dzuwa mumsika. Holo inadzazanso, ambiri atabwera kudzawonera banja lija likutsutsana. A Silvester anaimirira n'kunena kuti magetsiwo ndi ofunika. Mayi Lufina anaimirira n'kunena kuti amuna awo anena bwino. Anthu anadikira, koma panalibe chowonjezera. Msonkhano unatha msanga, ndipo potuluka mnyamata wina wa kabaza anawadandaulira kuti wataya makasitomala pachabe. Mayi Lufina anamupatsa mandasi awiri a m'chikwama mwawo, iye n'kupalasa njinga yake akutafuna.