Mpando wa Kumbuyo kwa Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene njinga zamoto zidachuluka kwathu ku Lungwena. Kale tinkadziwa kabaza wa njinga zakapalasa, woyenda mwaulemu, woti pachitunda wokwera amatsika n'kuthandiza kukankha. Kenaka anyamata obwerera ku Joni ndi ena ochita geni ya usipa adayamba kugula tinjinga tamoto tofiira kumalire, ndipo msewu wopita ku boma la Mangochi udasanduka wawo. Ankapikisana atanyamula anthu. Mayi wokwera ndi dengu la tomato ankafika kumsika ndi dengu lokha, tomato atatsala m'njira, mwiniwake akutchula dzina la Mulungu mosapumira. Ena kumsikako sankafikako, ankathera kuchipatala.

Amene ankakonza njinga zimenezi adali bambo anga, a Imedi, pansi pa mtengo wa mango pamsika. Iwo sadali a m'mudzimo. Adalowa m'dziko muno ali kamwana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, n'kukulira cha ku Katuli, ndipo kwathu adabwera kudzakwatira amayi. Nyumba imene tinkagonamo idali pamalo pa akuchikazi, munda umene tinkalima udali wa akuchikazi, ngakhale ife ana tidali a akuchikazi. Mwini mbumba adali amalume Saidi, mchimwene wawo wa amayi, munthu wamawu aakulu ndi wamtima wapachala, amenenso adali ndi njinga yamoto yonyezimira kuposa zonse. Bambo ankadziwa malire awo. Pankhani za pamudzi ankayankhula pomaliza, kapena osayankhula n'komwe.

Atatopa ndi kuwongola mahandulo opindika ndi kupukuta magazi pamatanki, bambo adaganiza zoti ngati anyamatawa liwiro lawavuta m'thupi, kuli bwino awapezere malo othamangirapo kutali ndi msewu. Adapempha bwalo la mpira ndi dambo louma la kuseri kwake. Adati udzakhala mpikisano wa njinga za kabaza zokhazokha, zomwe zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, kuti aliyense wokhala ndi njinga yake athe kulowa. Nkhaniyi adailengeza paliponse. Lachisanu anthu akutuluka mumzikiti, iwo ali pakhomo. Tsiku la msika adabwereka chimkuzamawu cha wogulitsa mankhwala a makoswe n'kumazungulira nacho, ine ndili pambuyo pawo monyada ngati mpikisanowo ndi wanga. Munthu wofatsa uja adasasa mawu mwezi umenewo.

Malamulo ankawanena pamtima, ndipo ife ana tidawaloweza ngati nyimbo. Injini ikhale momwe idagulidwira, osaikulitsa. Mabuleki onse awiri agwire, ndipo adzawayesa okha ndi manja awo. Woyendetsa avale chipewa cholimba ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Wonunkha mowa kapena chamba akaonerere kunja kwa chingwe. Lomaliza ndi limene anthu ankalikonda: njinga iliyonse inyamule munthu kumbuyo, chifukwa kabaza wopanda wokwera si kabaza. Bambo ponena zimenezi m'mutu mwawo mudali akuluakulu, anthu onga amene amakwera kupita kumsika. Sadaganize zoti pafunika kunena.

Anyamata a kabaza si anthu owaphunzitsa masamu. Adaona msanga kuti katundu wopepuka ndiye liwiro, ndipo tsiku la mpikisano m'mawa adayamba kusaka ana m'mudzi monse. Ine ndidali ndi zaka khumi koma thupi la mwana wa sitandade wani. Anzanga ankanditcha Usipa, ndipo aphunzitsi omwe adali ataiwala kuti dzina langa ndi Twaibu. Amalume adandipeza ndikutsuka masipanala, bambo atapita kukamanga chingwe kubwalo. Adandinyamula ndi dzanja limodzi ngati akuyesa nkhuku pamsika, n'kuseka. Adati lero ndikwera nawo. Amayi adali pamtondo. Adasiya kusinja, adatsegula pakamwa, koma mchimwene wawo atawayang'ana adatsekanso. Ine mtima udadzaza chisangalalo. Kwa nthawi yoyamba kuonda kwanga kudandipindulira.

Kudali kotentha kwa mwezi wa Okutobala, kuja kumati ukaponda mchenga umadumpha wekha. Njira ya mpikisano inkachoka pabwalo, kutsetsereka kudambo, kuzungulira mlambe waukulu, n'kudzakhota pamchenga wa kamtsinje kouma pomwe padali zitsa za migwalangwa. Amalume adati tiyeseko kamodzi anthu asanachuluke. Chipewa chidali chimodzi, ndipo chidali pamutu pawo. Nditakwera ndidapeza kuti mapazi anga safika pazopondapo, ankangolendewera. Manja anganso sankakumana kuzungulira mimba yawo, ndiye ndidagwira malaya.

Chisangalalo chidathera pagiya yachiwiri. Mphepo idandilowa m'kamwa, maso adadzaza misozi ndi fumbi, ndipo pabampu iliyonse matako ankachoka pampando n'kubwerera pena. Pamchenga paja tayala lakumbuyo lidavina uku ndi uku. Pofuna kudzigwira ndidapana njinga ndi miyendo, ndipo katumba wanga adakhudza paipi ya utsi. Ndidamva fungo la khungu lopsa ululu usanafike. Sindidalire. Titaima ndidatsitsa kabudula mmene ndikanathera, ndidaimira chammbali kuti bala lisaoneke, ndipo amalume atafunsa ngati ndaopa ndidapukusa mutu. Kutsika pamaso pa anzanga kudali koopsa kwa ine kuposa imfa.

Pofika masana bwalo lidadzaza. Kudabwera anthu ochokera ku Chowe, asodzi adasiya maukonde, amayi a zitumbuwa ndi a thobwa adayala malonda m'mphepete mwa chingwe. Njinga zidandandalikana pamzere wa phulusa, zikulira, utsi wabuluu uli tolo. Kumbuyo kwa pafupifupi njinga iliyonse kudali mwana. Wina adali wamng'ono kuposa ine, atamumangirira kumsana kwa woyendetsa ndi chitenje. Ndi Yusufu yekha, mnyamata wachete wa kumsika wa nsomba, amene adanyamula mkulu wake, chimunthu chonenepa chomwe chidaphwetsa tayala pongokhalapo.

Bambo adatulukira cha kumlambe atanyamula mbendera yoyambitsira, nsalu yofiira yomangirira kunsungwi. Adayenda kutsogolo kwa mzerewo akuyang'ana njinga imodzi imodzi. Atafika pa ya amalume adaima. Maso awo adapita pamapazi anga olendewera, kenaka pakatumba pomwe thuza lidali litatukuka kale. Nkhope yanga sadaiyang'ane. Adabwerera pakati, kutsogolo kwenikweni kwa matayala, n'kuzika nsungwi ija pansi.

Anthu adayamba kukuwa kuti ayambitse. Injini zidakwera mawu. Bambo adangoima mpaka phokoso lidatsika lokha.

"Lamulo lomaliza lija ndidalinena mopereweza, ndipo wolakwa ndine," adatero ndi mawu awo osasa. "Ndikulikonza pano. Pampikisano uno kumbuyo sikukwera munthu, wamkulu kapena mwana. Kukwera thumba la mchenga, ndipo matumba onse tiyeza pasikelo imodzi."

Amalume adatukula galasi la chipewa. "Alamu, malamulo sasintha mpira uli m'bwalo."

"Mbendera sinatsike, alamu. Mpira sunayambe."

"Ngati vuto ndi mwanayu, nenani. Uyu ndi muphwa wanga, magazi a mlongo wanga. Kapena mudabwera naye kuchokera ku Mozambiki?"

Ena adaseka, koma kuseka kwake kudatha msanga. Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti mwamwambo amalume sankanama. Bambo akanati tsitsani mwana wanga, akanagonja pomwepo, chifukwa pa ine mawu omaliza sadali awo. Zimenezi ndidazimvetsa nditakula. Tsikulo ndinkangodikira kuti anditchule dzina, ndipo sadanditchule.

"Sindikunena za mwana wa munthu," adayankha. "Ndikunena za liwiro. Uyu wanyamula usipa, Yusufu wanyamula ng'ombe. Wopambana tidzati wapambana chiyani? Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Mawu awo adali odekha. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo n'kulowa mu ovolosi. Amalume adapotokola mafuta, njinga idalumphira kutsogolo mpaka tayala lidaponda phulusa n'kuima pafupi ndi phazi la bambo. Ine ndidagunda mphuno kumsana kwa amalume. Mayi wina adakuwa. Bambo sadasunthe phazi.

Yusufu ndiye adayamba kuzimitsa injini. Adauza mkulu wake kuti atsike, n'kunena mokweza kuti a Imedi akunena zoona, iye sangapikisane ndi anthu onyamula mphepo. Mayi wa kamwana komangiriridwa kaja adawoloka chingwe, adamasula chitenje chake n'kunyamula mwana wake osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Amayi ena adatsatira. Injini zidazima imodzi imodzi mpaka idatsala ya amalume yokha, ikulira pakati pa bwalo lachete.

"Munda wa kudambo uja muuiwale," amalume adatero, motsitsa, koma ndidamva.

"Ndamva, alamu."

Padapita kanthawi komwe kwa ine kadali kotalika ngati mwezi wa Ramadhani. Kenaka chigongono cha amalume chidandikankha pachifuwa. "Tsika, iwe."

Ndidatsika, ndipo apo ndiye ndidalira, misozi ya manyazi ndi mkwiyo. Ndinkaona ngati bambo andilanda ulemu wokhawo umene Usipa akanaupeza pamoyo wake. Amayi adandikokera kunja kwa chingwe, ndipo ataona bala lija adalowetsa mpweya m'mano.

Matumba a feteleza adapezeka msanga. Anyamata adakadzaza mchenga kukamtsinje, wogula chimanga adabwereketsa sikelo yake yokoloweka, ndipo bambo adayeza thumba lililonse pamaso pa onse asanalimange ndi mphira za chubu. Mbendera itatsika bwalo lidasowa m'fumbi. Amalume adachoka ngati mwala wa legeni. Pozungulira mlambe adali patsogolo kutali, koma ankayendetsa ndi mkwiyo, ndipo pofika pamchenga paja sadabweze mafuta. Tayala lakumbuyo lidatsetsereka, njinga idagona chammbali n'kukhwekhwereka. Iwo adagubuduzika pamchenga, chipewa chikuwateteza. Thumba lidadula mphira, lidauluka n'kukamenya chitsa cha mgwalangwa. Tidamva kuphulika kwake tili kubwalo.

Tonse tidathamangirako, ine ndikutsimphina pambuyo. Amalume adali atadzuka kale, chigongono chikuchucha magazi. Njinga yawo sankaiyang'ana. Ankayang'ana thumba lija, litang'ambika pakati kuyambira kukamwa mpaka pansi, mchenga ukutsikabe pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsa. Amayi adandigwira paphewa mwamphamvu mpaka zikhadabo zidalowa. Bambo adafika pomaliza, adadzutsa njinga, adatseka petulo amene ankatayika, n'kufunsa mlamu wawo ngati mkono ukupindika.

Amene adapambana tsikulo ndi Yusufu, koma zimenezo ndidachita kumva kwa anzanga. Mungaganize kuti amalume adabwera kudzapepesa. Sadabwere. Munthu amatha kukukhululukira ukamulakwira, koma kukhala wolondola pamaso pa mudzi wonse n'kovuta kukhululuka. Mvula itagwa munda wa kudambo adaupatsa wina, ndipo chaka chotsatira chimanga chidatithera Khirisimasi ikadali kutali. Bambo sadadandaule ngakhale kamodzi ine ndikumva. Ankangolawirira kumsika kuposa kale. Mpikisano udachitikanso zaka zingapo nyengo ya chilimwe, ndi matumba ake, mpaka bambo atayamba kudwala padasowa wogwira mbendera.

Lero ndimakhala m'tauni ya Mangochi, ndipo njinga zamoto zachuluka moti powoloka msewu umayang'ana mbali zonse kawiri. Dambo lija adamangapo nyumba. M'mawa uliwonse kabaza amaima pageti panga atanyamula kale ana atatu a yunifolomu, wina atakhala pathanki, opanda chipewa ndi mmodzi yemwe. Mwana wanga wamkazi amakwera wachinayi, kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama chili kumsana. Palibe malume amene amandikakamiza. Sukulu ili kutali, ine ndi mayi ake timalawirira kuntchito, ndipo aliyense amatero. Ndimamuuza woyendetsa kuti aziyenda pang'onopang'ono, iye amati musadandaule bwana, n'kupotokola mafuta. Ndimaima pageti mpaka atakhota pakona. Bambo anga adalibe munda, adalibe mudzi, ngakhale mwana wawo sadali wawo, koma adaima kutsogolo kwa tayala. Ine zonsezo ndili nazo, ndipo ndimangokweza dzanja kubayibitsa.