Nunkhadala pa Duku Lakuda

Amuna anga anamwalira mvula yoyamba itangogwa, m'zaka zija za Chitaganya. Ntchito yawo inali yojambula anthu zithunzi. Ankakwera njinga kupita pa msika wa Chileka, masiku ena kwawo ku Lirangwe, kamera ili m'chikwama pakhosi. Inali kamera yakuda ngati kabokosi, yoigwirira pamimba n'kumasuzumira pa kawindo ka pamwamba. Tinkadya za kamerayo, ife ndi ana athu awiri aakazi, chifukwa munda wa kwathu ndi waung'ono ndiponso wamiyala. Ine pa ukwati wonsewo ndinkaigwira popukuta fumbi basi.

Titaika maliro, alamu anga, akulu awo a malemu, anaima pakhomo n'kunena kuti adzabwera tikakolola kudzandisudzula. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye akamwalira abale ake amabwera kudzamasula mkaziyo ndi kutenga katundu wa m'bale wawo. Alamu anatchula njinga, jekete ndi kamera.

Sindidziwa chimene chinandilowa. Ndinati, "Alamu, kamerayo mundisiyire, ndizidyetsera ana."

Anandiyang'ana ngati ndapempha ndege imodzi ya pabwalo la ndege la Chileka paja. "Mlamu, inuyo mumadziwa kumene kuli kutsogolo kwake?"

"Ndiphunzira."

"Chabwino," anatero akuseka, malume anga amene anali ankhoswe akumva. "Tsiku losudzula mudzandionetse chithunzi chimodzi chooneka bwino, chojambula inu ndi manja anu. Mukatero kamera idzatsala."

Iwo ankadziwa zimene ine ndinali ndisanaganize. Namfedwa sayendayenda. Sapita kumsika, saima pamaso pa amuna a eni n'kumawauza kuti aweramitse chibwano. Amakhala pakhomo, duku lakuda kumutu, mpaka amusudzule. Ndipo m'mudzi monse panalibe wofuna kujambulidwa ndi namfedwa pa kamera ya munthu wakufa. Ndinapempha achemwali anga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga.

"Iwe, undijambule ndi chinthu chimene anachigwira komaliza ndi malemu? Ukufuna ndikawapeze? Jambula nkhuku."

Nkhuku sizinkaima. Ana ndinkaopa kuwajambula, chifukwa mawu a achemwali anandilowa ndithu, ngakhale ndinkapemphera. Zimene zinatsala zosakana ndi tizilombo ta kuseri kwa nyumba.

Malemu anasiya mafilimu atatu osatsegula, iliyonse ya zithunzi zisanu ndi zitatu. Kuika filimu ndinkadziwa, poti ndinkawaona akuchita m'nyumba atatseka chitseko. Tsiku loyamba ndinapeza chiwala pa tsamba la chimanga. Ndinayandikira mpaka kamera inatsala pang'ono kuchigunda, ndipo ndisanadine ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene malemu ankauza anthu: "Musagwedezeke, yang'anani kuno." Chiwala chinauluka. Achemwali anamva ali kotapa madzi mumtsuko, ndipo mpaka anamwalira ali nkhalamba sanasiye kundikumbutsa kuti ndinapatsa ulemu chiwala.

Ndiye ndinachita zimene manja anga anazolowera kuyambira ndili mwana. Ndinagwira chiwala china, n'kuchithyola miyendo yodumphira, n'kuchithothola mapiko, monga timachitira tikamakonza ndiwo. Ndinachiika pa mwala, chinakhala phee. Ndinadzitama kuti ndapeza nzeru imene malemu analibe. Ndinajambula zinayi zotero. Chachisanu, ndili pakati podina, thadzi linafika n'kutola mlendo wanga. Ziwala zimene zinatsala achemwali anakazinga.

Iwo ndi amene ankanyamula filimu popita ku Blantyre kukagulitsa tomato, n'kukaisiya pa sitolo ya Mmwenye yotsuka zithunzi, kumene malemu ankatsukitsa. Ndinadikira masabata awiri. Atabwera nazo anakhala pakhonde, anamasula mfundo ya nsalu pang'onopang'ono ngati abweretsa mankhwala.

"Wotsuka uja akuti pepani ndi maliro," anatero. "Akutinso mwini wake wa filimuyi asiye kujambula utsi."

Zonse zisanu ndi zitatu zinali mbuu. Pa chimodzi pokha pankaoneka chinthu bwinobwino, ndipo chinali chimbudzi chathu, chimene chinali kutali kumbuyo kwa mwala uja. Chinatuluka bwino kwambiri, udzu wa padenga umachita kuwerengeka.

"Aonetse alamu ako chimenechi," anatero achemwali. "Anati chooneka bwino, sanatchule chake."

Ndinaganizapo ndithu. Koma kupereka chithunzi cha chimbudzi kwa abale a malemu pa tsiku losudzula, ndinaona kuti akhoza kutenga ndi chitseko chomwe.

Chimbudzicho chinandiphunzitsa kuti kamerayo imaona zakutali, zapafupi ayi. Pamenepo ndinakumbukira kagalasi kozungulira kamene kanali m'kathumba ka chikwama. Malemu akafuna kujambula kanthu kakang'ono ankakamangirira kutsogolo kwa diso la kamera ndi mphira, kenako ankatenga kansungwi kawo n'kuyeza kuchokera pa galasi kukafika pa chinthucho. Kagalasi ndinakapeza. Kansungwi ndinakafuna nyumba yonse, mpaka achemwali anandiuza kuti amayi ophika pamaliro anakasonkhezera moto. Kwa iwo kanali kankhuni chabe.

Ndinkakumbuka kuti malemu podula kansungwiko anayeza pa mkono wawo, kuyambira pa chigongono kufika pamene pamathera jekete. Ndiye ine, mwa nzeru zanga, ndinayeza pa mkono wanga. Amuna anga anali aatali oti polowa m'tchalitchi ankawerama. Ine ndine wamfupi ngati mtondo. Filimu yachiwiri inayamba ndi ndodo ya mkono wanga.

Mwayi wake, nditajambula zinayi ndinatulutsa jekete lawo kuti ndiliyanike, poti linayamba kununkha chinyezi. Ndikuliyala pa chingwe ndinaika mkono wanga pa mkono wa jeketelo, ndipo ndinaona kusiyana kwake. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinalira pang'ono, za iwo ndi za zithunzi zinayi zija pamodzi, kenako ndinakadula bango lina poyeza pa jekete, pamene chigongono chawo chinasiya nsalu yoyererako. Poti sindinkakhulupirira kwenikweni, zinayi zotsalazo ndinazijambula mosiyanitsa: china ndendende pa bango, china nditabweza kamera chala chimodzi, china zala ziwiri, china nditaisendeza kutsogolo chala chimodzi. Kusukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, choncho sindinalembe. Ndinalemba mizere ndi khala pa khoma la khitchini.

Zitabwera, zinayi zoyamba zinali utsi monga kale. Mwa zinayi zinazo, chimene ndinabweza chala chimodzi chinatuluka chakuthwa. Koma chimene chinatuluka chakuthwa chinali tsamba ndi theka la mimba ya chiwala m'mphepete. Mutu unatsala kunja. Ine ndinkasuzumira pa kawindo ka pamwamba, n'kumaona chiwala chili pakati penipeni, osadziwa kuti ukayandikira chotere kawindo kamaona pake, diso la kamera limaonanso pake. Chinanso, chiwala chobiriwira pa tsamba lobiriwira chimatuluka chotuwa pa chotuwa chinzake. Achemwali anachitembenuza chithunzicho kanayi konse.

"Chili pati?"

"Apo, achemwali."

"Apa? Ndimayesa ndi chitosi."

Inatsala filimu imodzi, ndipo chimanga chinali chitayamba kuuma m'munda. Ndinasiya kuthamangira kudina. Kwa masiku ambiri ndinkatuluka ndi kamera yopanda filimu, kumangoyeseza. Ndinasiya kawindo kaja, ndinayamba kuloza ndi bango lenilenilo: nsonga ina pa galasi, ina pafupi ndi mutu wa kachilombo, kenako n'kulichotsa pang'onopang'ono. Ndinaona kuti manja anga amanjenjemera ndikamadina, ndiye ndinagadabuza mtondo n'kuikapo kamera. Ndinaona kuti ndikaima dzuwa lili kumsana, monga malemu ankachitira ndi anthu, mthunzi wanga umaphimba zonse, choncho ndinayamba kugwada cha pambali. Ndinaonanso kuti m'mawa mame asanaume tizilombo timakhala tolefuka ndi kuzizira, titha kukhala phee popanda wotithyola miyendo. Ndinachita manyazi ndi ziwala zonse zimene ndinazilemaza.

Ndipo ndinasankha nunkhadala. Amenewa ndi ziwala zamawangamawanga zonunkha zija, zimene zimadya chinangwa ndi chilichonse. Nkhuku sizidya, achemwali sadya, ndipo iwo eni sathamangira kuuluka chifukwa amadziwa kuti palibe wowafuna. Zaka zonse ndinkawapha ndi chitsotso. Chaka chimenecho ndinkawasaka ngati alendo olemekezeka.

Chinatsala n'choti ndiwaike pa chinthu chosafanana nawo. Ndinayesa lichero, mikwingwirima yake inasokoneza. Mbale yoyera inkanyezimira. M'mawa wina, nunkhadala wamkulu ali m'manja mwanga, dzuwa likukwera, ndinayang'ana uku ndi uku osapeza kanthu. Ndinali kuseri kwa nyumba, kopanda wondiona. Ndinavula duku lakuda la maliro, ndinaliyala pa kampando, n'kumukhazikapo. Ndinajambula zisanu ndi zitatu zonse m'mawa wa masiku atatu, mutu uli pamtunda.

Zithunzi zinafika kutatsala masiku anayi kuti tsiku losudzula likwane. Zitatu zinatuluka bwino. Nunkhadala anali wamng'ono ngati nyemba yaikulu pakati pa mdima, koma zonse zinalipo: minga ya m'miyendo, mizere ya pa nyanga, ndi diso lowala. Achemwali anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akuoneka ngati munthu wa ku boma."

Tsiku losudzula alamu anabwera ndi akazi awo ndi abale ena awiri. Katundu anayalidwa pa mphasa pabwalo. Malume atamaliza mawu awo, ndinagwada n'kupereka chithunzi ndi manja awiri. Alamu anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikizanso.

"Ichi n'chabwino," anatero. "N'chifukwa chake ndikuti anajambula ndi malemu. Mlamu, mwachipeza m'chikwama."

"Ndajambula ndine, alamu."

"Umboni wake?"

Ndinalibe. Achemwali anayamba kufotokoza za utsi ndi chimbudzi, koma alamu anati mchemwali wa munthu si mboni. Akazi awo anapempha kuti aone. Iwo ndi amene anasoka duku langa tsiku la maliro, ndipo ulusi wakuda utawathera anamalizira mpendero ndi woyera. Mpendero umenewo unalowa m'munsi mwa chithunzi, wakuthwa ngati miyendo ya nunkhadala.

"Ili ndi duku lija," anatero. "Kusoka uku n'kwanga. Mlamu, munavula duku la maliro kuti pakhale nunkhadala?"

Ndinafuna nthaka itseguke. Alamu anaimirira, anati m'bale wawo wanyozedwa, kuti mkazi amene amavula duku miyezi isanakwane n'kuliyalira kachilombo konunkha sangasiyiridwe ngakhale singano. Sanali kunama. Ndinalakwadi, ndipo ndinali ndisanaganizepo mpaka nthawi imeneyo.

Malume anawasiya amalize. Kenako anati, "Bambo, kulakwa tavomera, ndipo nkhuku yopepesera tipereka lero lomwe. Koma tisankhe chimodzi. Ngati anajambula ndi malemu, ndiye kuti malemu anajambula duku la maliro awo omwe, ndipo mwanayu sanavule kanthu. Ngati anavula duku, ndiye kuti anajambula ndi iyeyu, ndipo mawu anu a pakhomo paja ndinawamva ndine."

Alamu anakhala pansi. Anayang'ana akazi awo ngati ndiwo awagulitsa. Pamapeto pake anatenga nkhuku, njinga ndi jekete. Kamera anaikankhira kwa ine ndi nsonga za zala.

"Popeza mwakhala katswiri, mlamu, mundijambule ineyo ndisanapite. Chithunzi mudzanditumizire ku Lirangwe. Chikadzabwera chosaoneka ndidzabweranso."

Achemwali anali atandigulira filimu ina. Alamu anaima pafupi ndi njinga, chifuwa patsogolo, nkhuku ili m'khwapa. Ndinabwerera m'mbuyo masitepe asanu monga malemu ankachitira, ndinapuma, ndinadina. Anthu anawomba m'manja. Alendo atapita, ndikubweza kamera m'chikwama, ndinaona kagalasi ka tizilombo kakadali komangirira kutsogolo. Munthu wanga woyamba ndinamujambula ngati nunkhadala.

Sindinadikire kuti utsi ukafike wokha. Popeza tsopano ndinali womasuka kuyenda, chithunzi chitatsukidwa ndinakwera basi ya ku Lirangwe, kamera ili pakhosi. Ndinawapeza alamu akusenda nzimbe pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka chithunzicho, ndinafotokoza zonse mmene zinalili. Anayang'ana mtambo wotuwawo, umene unali ndi kamtambo kena kakang'ono m'khwapa.

"Ndine uyu?"

"Ndinu, alamu. Kakang'onoko ndi nkhuku."

Anaitana akazi awo kuti adzaone, ndipo onse awiri anaseka mpaka misozi. Ine ndinangogwira chikwama mwamphamvu, kudikira kuti anene kuti ndichisiye pomwepo. Alamu anapukuta m'maso, anayang'ana chikwamacho, anayang'ana ine. Kenako analowa m'nyumba kukavala nsapato, anatuluka n'kukaima pa dzuwa pakati pa bwalo.

"Galasi lija mwachotsa?"

"Ndachotsa, alamu."

"Onetsani."

Ndinatambasula dzanja, anakaona kali pa chikhatho.

"Chabwino. Jambulani, koma musandithyole miyendo. Achemwali anu anandiuza zonse."