Telala Amene Anasintha Yekha Valavu ya Makina Ochapira

Lolemba lina m'mawa, mayi wina amene anthu ankangomutchula kuti Telala anakhala pansi m'bafa, pakati pa zofunda zonyowa mkodzo, n'kuyamba kulira. Ndikamati kulira, abale anga, ndikunena kwa misozi ndi mamina komwe.

Amayi ake anali atafa ziwalo mbali imodzi. Sankayenda, ankalankhula movutikira, ndipo zoyala pabedi zinkafunika kusintha katatu pa tsiku. Chimene chinkamupulumutsa Telala ndi makina ochapira akalekale amene malemu mwamuna wake anamusiyira. Tsono tsiku lina makinawo anangosiya kukoka madzi. Ukawayatsa ankangong'ung'udza, m'kati mouma gwa!

Mmisiri anati abwera mawa. Mawa la amisiri mukulidziwa inu. Telala anachapa ndi manja milungu iwiri mpaka zala zinang'ambika, singano osathanso kuigwira. Zochapa zinkachulukirabe.

Lamulungu, mchimwene wake wamkulu anabwera kuchokera kutali kudzazonda odwala. Atangolowa m'chipinda, fungo linamulonjera.

"Walephera, mlongo wanga," anatero. "Loweruka ndibwera ndi galimoto, amayi ndiwatenge."

Amayi anamva. Anagwira mkono wa Telala ndi dzanja lawo la mbali yamphamvu, osausiya. Ankadziwa kuti kumeneko azikaswera okha ndi khoma, poti mwana wawoyo ndi mkazi wake amaweruka mochedwa. Ichi n'chimene chinamuliza Telala m'mawa mwake.

Misozi itatha, m'mutu mwake munabwera funso. Kodi chimene chimang'ung'udzacho n'chiyani? Anayatsa makina n'kutsamiritsa khutu, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Phokoso linkachokera pakona yapamwamba, pamene payipi ya madzi imalowera.

Mayiyu sukulu anaisiyira panjira, koma makina ake osokera ankawamasula yekha n'kuwathira mafuta. "Nanga awa asiyana pati?" anadzifunsa.

Anazula pulagi kukhoma n'kuyamba kumasula payipi ija. Kalanga ine, mpopi anaiwala kutseka! Madzi anamuwaza kumaso mpaka m'makutu. Mukuganiza kuti anakwiya? Anaseka chikhakhali.

"Ohoo! Ndiye kuti madzi akufika. Alipo amene akuwakaniza pakhomo."

Atatseka mpopi anasuzumira pabowo, napeza kasefa kakang'ono kodzaza mchenga. Anakasolola ndi pulayala, kukatsuka ndi mswachi, kukabwezera. Atayesa, makina anang'ung'udzabe. Mtima unamuwawa, koma chidwi chinali chitamugwira kale.

Lachiwiri anazulanso pulagi, anamasula masikuluwu awiri akumbuyo n'kukankha chivindikiro. Kuseri kwa kasefa kuja kunali kachinthu ka pulasitiki, kokhala ndi timapayipi tiwiri ndi mawaya anayi. Mawayawo anali ofanana ngati mapasa. Apa anachita mantha. Akawazula, adzadziwa bwanji uyu kwawo n'kuti?

Anakumbukira zimene amachita akamasula diresi ya kasitomala kuti aichepetse: chidutswa chilichonse amachiika chizindikiro cha ulusi. Anakatenga chitini chake cha ulusi. Waya woyamba anaumanga ulusi wofiira, ndipo pamene unazulidwa anamangaponso wofiira. Wachiwiri wobiriwira, wachitatu wachikasu, wachinayi woyera. Timapayipi nato anatimanga. Kenako anachotsa kachinthuko n'kukakulunga m'kansalu.

Lachitatu anapempha mayi woyandikana naye kuti akhale ndi odwala, iye n'kupita kusitolo ya zipangizo. Wogulitsa anali bambo wachikulire wa dazi, magalasi ali pamphuno.

"Wakutumani ndi mmisiri uti, mayi?"

"Sananditume munthu, bambo. Ndachotsa ndekha. Tandiuzeni, kameneka n'chiyani, nanga kamagwira ntchito bwanji?"

Bamboyo anatsitsa magalasi. "Iyi ndi valavu. Ili ngati mlonda wa pageti. Magetsi akafika pa koyilo iyi, imatsegula madzi. Akachoka, imatseka." Anaiyeza ndi mita yake yoyezera magetsi. "Koyilo imodzi yapsa, inayo ikungolira koma chitseko chake chinauma. Mlonda wanuyu wakalamba."

Telala anafunsa chifukwa chimene koyilo imapsera. Anafunsa ngati mchenga uja ndi umene unaipha. Anafunsa mpaka anthu a pamzere anayamba kutsokomola dala. Bamboyo anamupatsa valavu yatsopano yofanana ndendende ndi yakaleyo, n'kumuchenjeza kuti asaiwale labala ya pakamwa pa payipi. Kenako anagwira tiulusi tija.

"Nanga izi ndi zokongoletsa?"

Atamufotokozera, bamboyo anapukusa mutu. "Ndaona amisiri a ndevu zawo akusokoneza mawaya amenewa. Inu simusokoneza ayi."

Kunyumba anaika valavu yakale ndi yatsopano pambali n'pambali n'kumatsatira mitundu ya ulusi, waya umodzi umodzi. Zala zinkapweteka, kamphete komangira kapayipi kanamuthawa kawiri n'kugwera pansi pa makina, koma anakakoka ndi waya wa hang'ala ya zovala. Anamanga zonse, anatsegula mpopi pang'onopang'ono, n'kupapasa ndi kansalu kouma kuti aone ngati pakudontha. Panalibe ngakhale dontho. Anabwezera chivindikiro, analowetsa pulagi, nadina batani.

Kanthawi kochepa kunali zii. Kenako shwaaa, madzi kulowa!

"Amayi! Mwamva?" anakuwa. Kuchipinda kunamveka amayi akugogoda mbale ndi supuni.

Loweruka mchimwene uja anafika monga ananenera. Anapeza zofunda zili mbuu pachingwe, m'chipinda mukununkhira sopo.

"Mmisiri uja anabwera?"

"Mmisiri wake ndi amene mukulankhula nayeyu, achimwene," anatero Telala, n'kumuika valavu yakufa ija m'manja.

Mwamunayo anaitembenuzatembenuza. Koma poti galimoto inali itabwera kale, anagwada pambali pa bedi.

"Amayi, tizipita?"

Amayi anavutika nawo mawu mpaka anawatulutsa.

"Pita... wekha."

Anaseka onse atatu, ndipo mchimweneyo anatuluka panja kukapukuta m'maso. Amayi anakhala m'nyumba imeneyo, m'manja mwa mwana wawo wamkazi, zaka zina zinayi.

Lero munthu akapita kwa bambo wa dazi uja kukadandaula kuti makina ake sakukoka madzi, amamupatsa nambala ya Telala. Amasokabe, inde, koma masiku awiri pa mlungu amayenda ndi chikwama cha zida.

Tsono inu amene mwakhala pansi lero mukuti zanu zatha, lirani ndithu, palibe akukuletsani. Koma mukatha, dzukani mukayang'ane pamene pakuchokera vutolo, ndipo mufunse mafunso ngakhale a pamzere atsokomole. Mtima wanuwo musautaye, ukadali ndi ntchito.