Chibwenzi Changa ndi Mafilimu Ake a Mpira

Anzanga, Brantley ndinakumana naye kuntchito kwanga, kumalo owotcha nyama komwe ndimadula brisket, nyama ya pachifuwa cha ng'ombe. Analowa wezulo ili m'khosi, n'kuima pansi pa TV kukamwa kuli yasa. Pa TV panali filimu ya football ya ku America, mpira woponya ndi manja uja, kochi akukalipira anyamata ake mpaka onse kulira.

Iye ankayankhulira limodzi ndi kochiyo. Mawu onse pamtima!

"Raylene," anawerenga dzina pamalaya anga, "filimu yako ya mpira number one ndi iti?"

"Sindionera zimenezo ine."

"Ku Texas kuno? Ukudwala kapena?"

Ndinaseka, basi zinayambira pomwepo.

Chifukwa chake sindinamuuze tsikulo. Achimwene anga a Weston ndi amene ankaponya mpira m'timu ya sekondale yathu, tauni yonse inkaimba dzina lawo. Anathyoka msana pabwalo ine ndikuona ndi maso angawa. Kuchokera pamenepo ali pa wilitcheya. Anthu anabwera ndi maluwa mwezi woyamba, kenako zii. Lachisanu madzulo bandi ikayamba kulira kubwalo, achimwene amatseka mawindo.

Brantley anali wothandizira kochi pasukulu yomweyo, atangobwera kumene. Chikoka anali nacho, ndisaname. Ankandidikira poweruka, ine ndikununkha utsi, iye n'kumati perefyumu yoposa imeneyo kulibe.

Koma date iliyonse, filimu ya mpira! Ya timu yosauka yogonjetsa ana a olemera. Ya kochi chidakwa wosiya mowa. Iye misozi chuchuchu, ine ndikungotafuna popcorn.

"Babe, yoposa zonse ndi ija wovulala amabwera pa wilitcheya kudzalimbikitsa anzake."

"Kwathu kuli wilitcheya, Brantley. Si filimu."

Anapepesa, n'kupempha kuti akawaone achimwene. Anayamba kubwera kunyumba, kuwameta, kupita nawo kokawedza. Ndinamva achimwene akuseka mpaka kutsokomola, kuseka komwe tinali titakuiwala. Mayi anati, "Mwanawe, uyu ndiye munthu."

Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha.

"Chezani zilizonse, koma zakubwalo usadzawatchulire."

"Ndalumbira, babe."

Kenako timu inayamba kuluza motsatizana, homecoming ili pafupi, tsiku lomwe onse amene anaphunzira pasukulupo amabwera kudzaonera. Anthu anayamba kunong'ona zoti makochi achotsedwe.

Lachisanu la homecoming ndinali pantchito. Brantley anandiimbira: "Ndawatenga akulu akadyeko burger. Ndiwasiya kunyumba game isanayambe."

Ndikupukuta matebulo, mnzanga Loretta anandikankhira foni. "Iwe, awa si achimwene ako?"

Inali video, yongoikidwa kumene papeji ya timu. M'chipinda chosinthira zovala, game itatsala pang'ono kuyamba. Anyamata agwada mozungulira, pakati pali wilitcheya. Brantley dzanja paphewa la achimwene, mitsempha ya m'khosi itatupa:

"Tamuoneni uyu! Anapereka miyendo yake chifukwa cha jezi mwavalayo! Inu mwapereka chiyani?"

Wina anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ena n'kutsatira. Anaikamonso kanyimbo kachisoni, anzanga! Achimwene anangoti zyoli, maso pansi.

Ndinamubwezera Loretta foni yake.

Ndinathamangitsa galimoto epuloni ili m'chiuno. Bwalo lonse phokoso, timu yathu ikutsogola. Ndinayang'ana m'mbali mwa bwalo, kulibe. Kwa oonerera, kulibe. Brantley yekha akudumphadumpha ngati mbuzi yomasulidwa.

"Achimwene ali kuti?"

"Babe, waona? Zatheka! Tikuwina!"

"Ndati ali kuti?"

Anacheuka uku, anacheuka uko... nkhope inagwa.

Anali atawaiwala.

Ndinawapeza m'chipinda chomwe chija. Chitseko chake n'cholemera, chodzitseka chokha, ndipo potulukira pali masitepe. Anali okhaokha pakati pa mathawulo onyowa ndi fungo la masokosi. Foni yawo inatsala m'galimoto ya Brantley.

"Achimwene..."

"Usalire, Raylene. Ingonditulutsa." Mawu awo anali atasasa. "Brantley anati tingodutsa atenge makiyi. Kenako ndangoona ana aja andizungulira. Atatha onse anathamangira panja. Ndinaitana, koma bandi ija..."

Ndinawatsitsa masitepe ndekha chafutambuyo, kunja anthu akukuwa kuti tagoletsanso.

M'mawa mwake, mwamunayo pakhomo, mpira m'manja, kumwetulira ngati wabweretsa mphete.

"Sorry za dzulo zija, mutu unali pa game. Koma taona, anyamata onse asainira! Video yafika kutali, anthu akulira nayo. Ending yake ngati filimu!"

"Tandiuza, Brantley. M'mafilimu akowo, timu ikathamangira kubwalo, wapawilitcheya uja amamutulutsa ndani?"

Anayamba kuganiza. Kuganizadi, anzanga, maso m'mwamba, kufufuza mafilimu ake onse m'mutu!

"Mmm... saonetsa."

Ndinamutsekera chitseko, mpira wakewo ali nawo m'manja.

Za Brantley sindilira nazo, zimangondinyansa. Munthu woti kupweteka kwa m'nyumba mwanu akukuona ngati kosangalatsa, musamupatse mpando ngakhale alire misozi yodzaza ndowa.

Chondiwawa ndi ichi. Sabata yatha ndikuwameta achimwene, poti wowameta uja kulibenso, anandigwira dzanja.

"Mlongo wanga, ndiwe mwana, udzapeza wina, ndipo ndidzakondwera nawe. Koma ndapota nawe... kuno usadzabwere naye."