Tsiku Lomwe Kilachi Inamira pa Akasupe

Ba malume anali ndi kabotolo kagalasi komwe sikankachoka kunsi kwa mpando wa motoka yawo. Kukamwa kwake kunali kapaipi ka mphira, m'kati muli timafuta ta buleki tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ine ndinkayesa mankhwala a sing'anga.

Chilimwe chimenecho atate anali atabwerako ku migodi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Inali nthawi ya chipani chimodzi, malire a kummwera ali otseka, masipeya akusowa ngati sopo. Motoka ya ba malume, yabodi kumbuyo, ndiyo inkanyamula odwala a ku Chinyunyu kupita nawo kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya. Ena inkabwera nawo atakhala tsonga, ena atakulungidwa m'mphasa. Nchifukwa chake kilachi itayamba kuvuta, anthu sanaganize za mphira kapena mafuta. Pedulo inkangomira mpaka pansi osabwereranso, kawirikawiri pafupi ndi akasupe otentha, pomwe nthunzi imatuluka m'nthaka ndi fungo la mazira owola. "Yanyamula ambiri, manje yayamba kusankha," ankatero azimayi ogulitsa m'mbali mwa mseu. Lero ndikudziwa kuti kamphira ka m'silinda kanali katatha, mpweya n'kumalowa m'paipi. Koma kudziwako sikunandichotse nthumanzi.

M'mawa wina atate analephera kudzuka. Anawagoneka pamatiresi kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya amayi, ine n'kundikhazika kutsogolo poti panalibe wondisiyira. Titafika pa akasupe, ba malume anaponda kuti asinthe giya, phazi n'kungolowa ngati aponda m'matope. Giya inakukuta, injini n'kuzima.

Sanatukwane monga ankachitira masiku onse. Anatsegula boneti, napeza kathanki ka mafuta kali pafupi kuuma, nathiramo otsala onse. Anatsata paipi ndi chala kufuna pomwe pakudontha, kenaka anatenga kabotolo kaja ndi sipanala. "Khala pampando wanga," anandiuza. "Ndikati ponda, uponde. Ndikati gwira, usasiye ngakhale njoka ikulume." Ndiye anakwawira kunsi kwa motoka kukatulutsa mpweya.

Miyendo yanga inali yaifupi. Ndinakhala kumapeto kwa mpando, nditakolekera manja pachiwongolero. Pedulo inali yofewa ngati mbatata yowola, ndipo ndinkachita kuikoka ndi zala za kuphazi kuti ibwerere. Ponda. Gwira. Siya. Mawu a ba malume ankachokera pansi, olemera, ngati ikulankhula ndi nthaka. Kumbuyo ndinkamva kupuma kwa atate, kokoka ngati sowo m'mtengo wauwisi.

Palibe motoka inadutsa. Nyenje zomwe zinkalira m'mitengo zinaleka nthawi imodzi. Kunalibe kamphepo, koma nthunzi inachoka ku akasupe, n'kuoloka mseu, n'kudzaima pamazenera mpaka sindinaonenso boneti. Pomwepo ndinamva kugogoda pagalasi la kumbuyo kwa mutu wanga, kofatsa, monga atate ankagogodera chitseko akafuna ndiwabweretsere madzi. Ndinayamba kutembenuka.

"Gwira!" anakuwa ba malume.

Ndinagwira. Sindinacheuke. Nditakula ndinawafunsa amayi ngati ndiwo anagogoda. Anati manja awo onse anali pankhope ya atate, ndipo atatewo sanakweze dzanja chichokereni kunyumba.

Pa akasupe paja, nditapondanso, pedulo inandikankha phazi ngati chinthu chamoyo. "Yalimba, ba malume! Yalimba!" ndinakuwa. Anatuluka ali mbuu ndi fumbi, napita kumbuyo kukawauza amayi. Anakhalitsa kumeneko. Pakagalasi ka m'mbali ndinawaona atavula chipewa, ndipo amayi anali atamasula chitenge cha m'chiuno n'kuwafunditsa atate mpaka kumutu. Ndinkati akuwatchinga dzuwa.

Nditasendera kumpando wanga, ba malume anakwera, naliza injini. Giya inalowa bwinobwino, popanda kaphokoso. Kenaka anakhotetsa motoka pakati pa mseu, n'kulozetsa komwe tinachokera.

"Ku Mpanshya si uko?" ndinafunsa.

"Waponda bwino, mwana wa mlongo wanga," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakhala njo pampando, ndikudikira kuti tikafika ndiwauze atate kuti motoka ndakonza ndine. Chomwe chinkandizunguza mutu chinali chimodzi: bwanji motoka yochira ikubwerera kunyumba, ndipo bwanji ba malume, omwe ankathamanga pamseu umenewo mpaka nkhuku kubalalika, akuyendetsa pang'onopang'ono chotere, akuzemba kadzenje kalikonse.